Penshoni ya mwini bizinesi: msonkho umapulumuka pati kwenikweni?

NyaMhango:
Monire mose. Funso langa likupita kwa odziwa za msonkho ndi penshoni. Tiyerekeze munthu ali ndi shopu ya hadiweya ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, antchito atatu, geni ikuyenda ndithu, ndipo msonkho akulipira ku MRA, bungwe lotolera misonkho, chaka ndi chaka. Antchitowo akuwadulira penshoni monga lamulo linenera. Nanga iye mwini? Ilipo njira yoti azisungira ukalamba wake kwinaku msonkho ukutsikako, kapena zimenezi ndi za anthu a m'maofesi okha?

A Chirwa:
Njira ilipo mayi, koma ndi yopapatiza kuposa mmene otsatsa penshoni amaikambira. Msonkho umakumana ndi ndalama ya penshoni malo atatu: polowa, ili m'thumbamo, ndi potuluka.

Polowa mpamene pali nkhani yonse. Ndalama imene bwana waponyera wantchito wake ku thumba la penshoni lovomerezeka imatengedwa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi. Imachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, malinga isapitirire 15 peresenti ya malipiro a pachaka a wantchitoyo. Koma 5 peresenti imene lamulo limati wantchito azidulidwa pa malipiro ake ilibe mwayi umenewu. PAYE, msonkho wa pa malipiro, imawerengedwa kaye pa malipiro onse, penshoni n'kudulidwa pambuyo. Ndalamayo ikalowa m'thumba, phindu limene ikupanga limadulidwa 15 peresenti. Tsiku lolandira, kaya ndi ya nthawi imodzi kaya ya mwezi ndi mwezi, sidulidwa msonkho.

Mukuona kuti mbali yotsitsa msonkho ndi ya bwana yokha. Ndiye ndifunse: shopuyo inalembetsedwa ngati kampani ya Limited, kapena dzina chabe?

NyaMhango:
Dzina chabe. Satifiketi ya kwa Registrar General ili pakhoma, koma si Limited.

A Chirwa:
Ndiye pagona nkhani ndi pamenepo. Bizinesi ya dzina chabe, pamaso pa lamulo, ndi munthu yemweyo, ndipo munthu sadzilemba yekha ntchito. Ndalama imene amatapa m'kabati mwezi uliwonse, ngakhale m'buku lake ailembe kuti salale, a MRA amaiona ngati phindu limene mwini wadzitengera. Palibe bwana, palibe wantchito, choncho palibenso gawo la bwana loti lichotsedwe pa phindu. Za antchito atatu aja zimachotsedwa bwinobwino. Zake ayi.

Kampani ya Limited ndi munthu payekha pamaso pa lamulo. Imakhala ndi TPIN (nambala ya msonkho) yake, akaunti yake ku banki, ndipo ikhoza kulemba ntchito mwini wake ngati dayirekitala wolipidwa. Lamulo la makampani la 2013 limalola munthu mmodzi kukhala ndi kampani yekha, sipafunika kukagwira msuweni pamsewu kuti akwanitse nambala.

Tiyeni tiike manambala. Kampani ikumulipira dayirekitala K1,000,000 pamwezi. Pa mlingo umenewu kwacha iliyonse yowonjezera pa malipiro imadulidwa PAYE ya 30 peresenti. Kampani ikaponya 15 peresenti ku penshoni, ndi K150,000 pamwezi, K1,800,000 pachaka. Tione ndalama yomweyo ikadutsa njira zina.

Ikasiyidwa ngati phindu la kampani: msonkho wa 30 peresenti ukudya K540,000, kutsala K1,260,000. Mwini akafuna kuitulutsa ngati dividendi, phindu logawira eni kampani, 10 peresenti ina ikuchoka, K126,000. M'manja mwafika K1,134,000.

Ikawonjezedwa pa salale: PAYE ikudya K540,000, m'manja K1,260,000, ndipo kampani ikuwonjezerapo 1 peresenti ya TEVET, msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja.

Ikapita ku penshoni ngati gawo la kampani: K1,800,000 yonse yalowa m'dzina lake, kungochotsapo zolipira oyendetsa thumba. Kusiyana ndi njira ya dividendi ndi K666,000 pachaka. Chimene anthu amati kupulumutsa msonkho ndi chimenechi basi, palibe matsenga ena.

A Mwakasungula:
Masamu ndi abwino achimwene, koma mwawerengera munthu wopanda chochita ndi ndalama. Wa bizinesi K1,134,000 saiika pansi pa pilo. Amakwera nayo ku Songwe, kuwoloka kupita ku Kyela ku Tanzania, kubwera ndi katundu, kumugulitsa ku msika wa Taifa, n'kubwereranso. Ikazungulira kanayi kapena kasanu pachaka yabala kuposa K666,000 yanuyo. Komanso tisaiwale mmene kwacha imachitira. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali ndi simenti ndi malata m'shopu anangosintha mitengo m'mawa mwake. Amene ndalama yake inatsekeredwa kwa zaka makumi awiri akanasintha chiyani?

A Chirwa:
Pa mfundo ya mpamba sindikutsutsani. Bizinesi imene ikubweza makasitomala chifukwa mashelefu ali mbee, kapena imene ili ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, iyambe yakonza zimenezo. Kuponya 15 peresenti ku penshoni uku ukukongola kwa katapila kuti uode katundu ndi kutaya ndalama. Pamenepo aponye 10 peresenti yokha imene lamulo limalamula bwana, kwatha.

Koma bizinesi iliyonse imafika poti mpamba wowonjezera sukubalanso monga kale. Chibavi yense sangagule misomali kuposa imene akufuna. Zikafika apo ndalama imayamba kugona m'katundu wosayenda, m'ngongole za makasitomala osabweza, m'galimoto lachiwiri. Njira ya penshoni ndi ya ndalama imeneyo, osati ya mpamba wozungulira.

Bambo a Wezi:
Ndiwonjezere pa za kugwa kwa kwacha. Ndalama ya penshoni sikhala phee m'akaunti. Oyendetsa thumba amaigawa: ina amakongoza boma kudzera m'ma Treasury bill a masiku 91, 182 ndi 364 komanso ma Treasury note a zaka zingapo, ina amagula masheya pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, m'makampani ngati National Bank, Standard Bank, Illovo, Airtel, TNM ndi Press Corporation, ina amaika m'nyumba za maofesi ndi mashopu zochititsa lendi. Gawo lokongoza boma ndi limene limapwetekeka mitengo ya zinthu ikathamanga kuposa chiwongoladzanja. Masheya ndi nyumba zimatha kutsatira mitengo, ngakhale si chaka chilichonse. Chifukwa chake musanasankhe thumba, funsani zinthu ziwiri zolembedwa papepala: phindu limene anagawira mamembala chaka ndi chaka kwa zaka zisanu zapitazo, atachotsa kale msonkho ndi zolipira zawo, komanso mmene ndalama anaigawira. Manambala amenewo muwayerekeze ndi kukwera mitengo kwa zinthu kumene a National Statistical Office amalengeza. Wotsatsa akayamba kuzungulira pa funso limeneli, pitani kwa wina. Alipo angapo ovomerezeka, a Old Mutual, a NICO, a NBM Pensions ndi ena, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Chinanso chimene a Mwakasungula sanachitchule: katundu wa m'shopu amapsa, amabedwa, amalandidwa ndi okongoza. Ndalama ili m'thumba la penshoni lamulo limaiteteza, wokongoza sangaigwire bizinesi ikagwa. Mbali ina ya chitetezo chomwecho ndi yakuti simungaiike chikole pokatenga ngongole yoodera katundu.

A Mwakasungula:
Ndiye munthu angaione liti ndalama yakeyo? Poti ena amati mpaka utagwira ndodo.

Bambo a Wezi:
Si choncho kwenikweni, koma musailowe ngati banki mkhonde yogawana mu Disembala. Lamulo loyamba linali la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011. Pano tikuyendera la 2023, ndipo linafewetsako zingapo.

Zaka zopumira sizichepera 50. Nambala yeniyeni imakhala m'malamulo a thumba ndi m'kalata ya ntchito, ndiye mwini kampani aganize bwino polemba, asangokopera 60 ya kwa ena ngati cholinga chake ndi kupuma msanga. Popuma, munthu amatenga theka la ndalama zake nthawi imodzi. Kale inali 40 peresenti. Theka linalo limasanduka malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo pali njira ziwiri. Ina ndi kugula annuity ku kampani ya inshuwalansi ya moyo, imene imakulipirani mpaka imfa. Ina ndi kuisiya ndalamayo m'thumba ikupangabe phindu, inu n'kumatapa pang'onopang'ono mwa ndondomeko. Yoyamba siitha ngakhale mukhale zaka 95, koma ngati munagula yosakwera chaka ndi chaka, mitengo idzaidya. Yachiwiri imatsatirako msika, koma ikhoza kutha inu muli moyo. Amene ndalama yake ndi yochepa kwambiri, yosafika mlingo umene Registrar anaika, amangopatsidwa yonse.

Lamulo la 2023 limalolanso amene watsala ndi zaka zisanu kapena zocheperapo kuti apume kutapako ndalama zake asanapume. Ambiri amathamangira zimenezi kuti amalize nyumba. Angokumbukira kuti imene yatapidwa yasiya kubala.

Munthu ntchito ikamuthera asanafike zaka zopumira, amadikira miyezi itatu asanapeze ina kuti alandireko mbali yake. Kale inali miyezi isanu ndi umodzi. Gawo limene bwana anaponya limadikira kupuma. Apa mwini kampani amvetse bwino: gawo limene lamupulumutsira msonkho ndi lomwelo limene limatsekeredwa kwambiri. Kupatula apo pali matenda otsimikizidwa ndi dokotala oti munthu sangagwirenso ntchito, ndi kusamuka m'dziko muno kotheratu.

Mayi a Tiwonge:
Yewo a Chirwa ndi Bambo a Wezi. Ine ndikambe za mapepala, chifukwa K540,000 ija imapulumuka pokhapokha fayilo ili bwino tsiku limene a MRA abwera kudzaona mabuku.

Choyamba ndi kalata ya ntchito pakati pa kampani ndi dayirekitala, yonena udindo wake, malipiro a pamwezi, zaka zopumira, ndi peresenti imene kampani iziponya ku penshoni. Pakhalenso chikalata cha chigamulo cha kampani chovomereza zimenezi, chosainidwa ndi kulembedwa tsiku. Ngakhale mwini ali yekha, alembe ndithu. Kenako dzina lake lilowe pa ndandanda wa malipiro pamodzi ndi antchito ena, payslip izituluka mwezi uliwonse, ndipo salale izichoka ku akaunti ya kampani kupita ku akaunti yake kudzera ku banki. Kutapa m'kabati Lachiwiri K80,000, Loweruka K200,000, kenako kumapeto kwa chaka n'kuuza akauntanti kuti aphatikize ikhale salale, zimenezo zimagwa pa kafukufuku woyamba.

PAYE ipite ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, kudzera pa Msonkho Online. Penshoni nayo ipite kwa oyendetsa thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha, pamodzi ndi ndandanda wosonyeza dzina lililonse ndi ndalama yake. Ndandanda umenewu anthu amaupeputsa. Ndalama ikafika yopanda ndandanda imakhala pambali osalowa m'dzina la aliyense, ndipo mumadzazindikira sitetimenti ikabwera yoperewera.

Kampani yaing'ono siyenera kutsegula thumba lakelake. Imalowa m'thumba la gulu limene oyendetsa penshoni ali nalo kale, momwe muli mabwana ambiri. Amafuna satifiketi ya kampani, TPIN, ziphaso za dziko za mamembala, masiku obadwa, malipiro a aliyense, ndi fomu ya olandira ndalama munthu akamwalira. Tsiku lobadwa lifanane ndi la pa chiphaso. Kusiyana kwa chaka chimodzi kumadzachedwetsa ndalama pa nthawi imene munthu akuifunitsitsa.

Musaiwale inshuwalansi ya moyo. Lamulo limati bwana aliyense agulire wantchito wake inshuwalansi yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Imeneyi ndi yapadera, si ya mkati mwa 10 peresenti ija. Dayirekitala wa K1,000,000 pamwezi ndiye kuti banja lake lili ndi K12 miliyoni pamwamba pa zimene wasunga. Pofunsa mitengo, auzeni akulekanitsireni: yoyendetsera thumba ndi zingati, ya inshuwalansi ndi zingati, ndipo iliyonse ikuchoka pa ndalama yoponyedwa kapena ikulipiridwa padera.

Achimwene a ku Luwinga:
Funso kwa a Chirwa. Ngati gawo la kampani ndi limene likuthandiza, bwanji osangoika 30 peresenti? Kapena kukweza salale kufika K3 miliyoni kuti 15 peresenti ikule?

A Chirwa:
Kuponya kuposa 15 peresenti sikoletsedwa, koma yopitirirayo a MRA amaibwezera pa phindu. Mukaika 20 peresenti pa salale ya K1,000,000, K150,000 ichotsedwa, K50,000 ilipiridwa msonkho ngati phindu. Mwaitsekera mpaka ukalamba koma msonkho mwalipira.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi china. Munthu akufuna kusunga 20 peresenti, ndiye amagawa 10 kampani, 10 iye, poganiza kuti ndi chilungamo. Ayi. Ikani 15 kampani, 5 inu. Yolowa m'thumba ndi yomweyo, K200,000 pamwezi, koma pa 10 ndi 10 pali K50,000 imene yadutsa kaye pa PAYE popanda chifukwa. Dzazani kaye mbali ya kampani, mbali yanu muisiye pa 5 ya lamulo.

Za kukweza salale, werengani mbali zonse. Kwacha yotuluka ngati dividendi imadyedwa 37 tambala: 30 ya kampani, ndi 10 peresenti ya 70 yotsalayo. Kwacha yotuluka ngati salale pa mlingo wa 30 peresenti imadyedwa 30 tambala, kuphatikizapo 1 ya TEVET ndi kukwera kwa inshuwalansi. Ndiye pa mlingo umenewu salale ikupambana. Mukakwera kufika pa mlingo wa 35 peresenti kusiyana kwatsala pang'ono kutha. Milingo ya PAYE imasintha ndi bajeti, choncho masamu awa muziwabwereza nduna ya zachuma ikangolankhula ku Nyumba ya Malamulo.

Koma chachikulu ndi ichi: salale ikhale yoti kampani ikhoza kuilipira mwezi uliwonse, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene mvula ya kuno yaimitsa zomangamanga ndipo anthu ndalama zathera ku fizi ndi feteleza. PAYE ndi penshoni sizidikira kuti malonda ayambirenso. Mukalemba K3 miliyoni n'kulephera, mwadzipangira ngongole ziwiri zokhala ndi zilango, ya ku MRA ndi ya ku penshoni. Ndipo kampani ikatseka chaka ndi kuluza, palibe msonkho umene mwapulumutsa chaka chimenecho. Kuluzako kumasungidwa n'kudzachotsedwa pa phindu la m'tsogolo mpaka zaka zisanu ndi chimodzi, koma zimenezo ndi za mawa, ndalama yatuluka lero.

Mayi a Tiwonge:
Ndipo mwini asayerekeze kuponya zake kwinaku za antchito akuzigwira. Kudula 5 peresenti pa malipiro a munthu n'kuodera simenti ndi mlandu, osati kuchedwa chabe. A Reserve Bank amatulutsa mayina a mabwana otere m'nyuzipepala. Choopsa china n'chakuti inshuwalansi ya moyo ikaima chifukwa chosalipira, wantchito n'kumwalira nthawi imeneyo, malipiro a chaka chathunthu aja banja lidzawafuna kwa bwana.

NyaKaunda:
Zonsezi mukukamba za anthu a ma miliyoni. Nanga wa golosale ku Mchengautuwa, wa saluni ku Chibanja, wogulitsa mpunga wa Kilombero mumsika? Nawonso atsegule Limited?

A Chirwa:
Ayi amama, ambiri a iwo asatsegule. Amene malonda ake a pachaka safika K12.5 miliyoni ali pa msonkho wa presumptive, umene ndi ndalama yoikika kale malinga ndi kukula kwa malonda. Pamenepo sachotsera chilichonse, kaya lendi, kaya thiransipoti, kaya penshoni. Palibe msonkho woti autsitse. Ndipo kampani ili ndi mtolo wake: kulipira wolemba mabuku, kupereka malipoti a pachaka kwa Registrar wa makampani, msonkho wa miyezi itatu iliyonse pasanathe masiku 25 kota itatha, ndi fomu ya pachaka pasanathe masiku 180 chaka cha kampani chitatha. Ngati msonkho wopulumuka ndi K200,000 koma akauntanti yekha akufuna yoposa pamenepo, mwagwirira ntchito akauntanti.

Muyeso wosavuta ndi uwu. Tengani salale imene bizinesi ingakulipireni mosavutika chaka chonse, muchulukitse ndi 15 peresenti, kenako ndi 30 peresenti. Yotulukayo ndi msonkho wopulumuka. Pa K400,000 pamwezi ndi pafupifupi K216,000 pachaka, kapena kucheperapo ngati mlingo wanu wa msonkho uli pansi. Muiyerekeze ndi mtengo wosunga kampani. Ngati pali zifukwa zina zofunira Limited, monga matenda a boma kapena a mabungwe, ngongole ya ku banki, kulekanitsa nyumba yanu ndi ngongole za bizinesi, ndiye penshoni ikungokwera nawo. Koma kutsegula kampani chifukwa cha penshoni yokha pa ndalama zochepa sikulipira.

NyaKaunda:
Matenda a boma?

A Chirwa:
Ma tenda mayi, opikisana kuperekera katundu. Foni yaphatikiza.

Bambo a Wezi:
Kwa amene NyaKaunda akuwanena, lamulo la 2023 linatsegula penshoni yodzifunira, yoti munthu wodzilemba yekha ntchito akhoza kulowa payekha popanda bwana. Asayembekeze kuti msonkho wa bizinesi yake utsika. Chimene amapeza ndi china. Phindu m'thumbamo limadulidwa 15 peresenti, pamene chiwongoladzanja cha ku banki chimadulidwa 20 peresenti chisanafike m'manja. Pa chiwongoladzanja cha K1,000,000 ndi K850,000 uku, K800,000 uko. Si zambiri chaka chimodzi, koma yotsalayo imabalanso chaka chotsatira. Kwa kampani kusiyana n'kokulirapo, chifukwa 20 peresenti ija ndi yongoyambira, chiwongoladzanja chonse chimalowa m'phindu la 30 peresenti.

Asanasaine afunse zitatu. Kodi ndikadumpha miyezi iwiri malonda atavuta pali chilango? Kodi ndingaponye yambiri nthawi ya kukolola, yochepa nthawi ya dzinja? Kodi ndingaitenge liti, ndipo ndikaitenga msanga ndiluza zingati? Asiyanitsenso penshoni ndi mapolise a inshuwalansi osungira ndalama amene amagulitsidwa ndi mawu ofanana. Polise yotere ukaisiya m'zaka zoyambirira umabwezeredwa yochepa kuposa imene unaponya, chifukwa komishoni ya wogulitsa inachoka koyambirira.

Ndipo wa malonda ang'onoang'ono asathamangire kutsekera zonse. Ayambe ndi ndalama ya miyezi itatu kapena inayi pamalo pofikirika, ku SACCO (kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena ku unit trust (thumba la anthu ambiri lopangitsa ndalama phindu), yoti maliro kapena matenda akagwa asagulitse firiji ya m'shopu.

Achimwene a ku Luwinga:
Nanga bizinesi ya dzina chabe imene mayi a kunyumba ndi amene amakhala pa kauntala tsiku lonse?

A Chirwa:
Funso labwino, ndipo ndi njira imene mabanja ambiri ali nayo m'manja osaidziwa. Mwini sangadzilembe yekha ntchito, koma akhoza kulemba mkazi wake kapena mwamuna wake amene akugwiradi ntchito. Salale yake ndi gawo la bwana la penshoni yake zimachotsedwa pa phindu monga za wantchito wina aliyense. Palinso phindu lachiwiri: gawo loyamba la malipiro limene silidulidwa PAYE limagwira ntchito kwa anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Malire ake ndi akuti ntchitoyo ikhale yeniyeni, malipiro afanane ndi amene mukanapatsa mlendo pa ntchito yomweyo. Lamulo la msonkho limalola ndalama yokhayo imene yagwiritsidwa ntchito popangira phindu la bizinesi. Kulemba mwana amene ali ku yunivesite ya Mzuni chaka chonse kuti ndi manejala wa K700,000, zimenezo adzazikana ndipo adzawonjezera chilango. Komanso banja limvetsetse kuti penshoni imeneyo ndi ya amene dzina lake lalembedwa. Si ya bizinesi, si ya mwini shopu.

A Mwakasungula:
Ine ndikuonabe kuti penshoni ya Mmalawi ndi nyumba. Mizere iwiri ya lendi ku Zolozolo kapena ku Chiputula, mwezi ukatha ukungoyenda ndi kabuku.

Mayi a Tiwonge:
Nyumba ndi yabwino pa chinthu chimodzi chimene munanena kale, mtengo wake umatsatira simenti. Koma pa nkhani ya msonkho ili kumapeto. Njerwa ndi malata mumagula ndi ndalama imene yadulidwa kale, ija ya K1,134,000 osati K1,800,000. Lendi ndi ndalama yolipirira msonkho, ngakhale ambiri sailemba. Onjezani malipiro a ku khonsolo, miyezi imene nyumba ili yopanda munthu, walendi amene wathawa usiku ndi bilu ya madzi, denga ndi utoto zimene chinyezi cha kuno sichizisiya. Ndipo yang'anani malo: ploti yotsika mtengo m'mphepete mwa dambo kapena pa chitsetse ku Masasa, mvula ya Epulo imaiyendera. Munthu wa zaka 72 kuthamangitsana ndi alendi sikupuma.

Wokhoza achite zonse ziwiri. Theka lija lolandira nthawi imodzi popuma ndi limene ambiri amamalizira nyumba, ndipo limabwera lopanda msonkho.

Bambo a Wezi:
Pa nyumba pomwepo pali nkhani ya chuma cha masiye. Nyumba, shopu, galimoto ndi masheya a kampani zimagawidwa motsata wilo, kapena popanda wilo motsata lamulo la 2011 la chuma cha masiye, ndipo tonse tikudziwa mmene zimachedwera achibale akayamba kukokana. Ndalama ya penshoni ndi ya inshuwalansi ya moyo sizilowa mumtolo umenewo. Zimatsata fomu ija imene membala analemba, yotchula mayina ndi peresenti ya aliyense. Fomu imeneyi ikonzedwenso mwana akabadwa, ukwati ukachitika kapena ukatha, wotchulidwa akamwalira. Peresenti zikwane 100. Ana aang'ono alembedwe mayina awo enieni ndi masiku obadwa, osati kulemba malume kuti adzawagawire. Popanda fomu yolondola matrasti, oyang'anira thumba, ndi amene amafufuza n'kugawa, ndipo zimatenga nthawi pamene ana akufuna fizi.

NyaMhango:
Ndamva. Ndiye wa hadiweya uja akasankha kusintha kupita ku Limited, ayambire pati, ndipo antchito atatu aja zaka zawo zimatha?

Mayi a Tiwonge:
Sizitha. Bizinesi ikasamutsidwa kwa mwini watsopano, ndipo kampani ndi mwini watsopano, lamulo la ntchito limati makontirakiti amasamuka nawo, zaka zikupitirira kuwerengedwa kuyambira tsiku limene analembedwa. Awalembere kalata yowadziwitsa, ndipo tsiku loyambira ntchito lisasinthidwe pa fayilo. Zimenezi zimadzafunika pa severance, ndalama yolipira wochotsedwa ntchito, ntchito ikadzachepetsedwa: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, anayi kupitirira apo. Penshoni silowa m'malo mwa imeneyi. Ku thumba la penshoni angosintha dzina la bwana, maakaunti a antchito ndi omwewo, n'kuwonjezera dzina la dayirekitala.

A Chirwa:
Dongosolo lake: alembetse kampani, atenge TPIN yake ndi kuilembetsa pa PAYE, atsegule akaunti ya banki m'dzina la kampani, asinthe laisensi ya ku khonsolo ya mzinda ndi pangano la lendi ya shopu. Kenako asankhe tsiku limodzi losinthira, makamaka kutha kwa mwezi, atseke shopu tsiku limenelo awerenge katundu yense, thumba lililonse la simenti ndi bokosi lililonse la misomali, pa mtengo woodera. Ndandanda umenewo ndi umene ukutsekera mabuku a bizinesi yakale ndi kutsegulira a kampani. Mtengo wa katunduyo ulembedwe kuti ndi masheya ake kapena ngongole imene kampani ili nayo kwa iye. Ikalembedwa ngati ngongole, kampani ikamadzamubwezera si salale ndipo si dividendi, ndi ndalama yake yomwe.

Amalize msonkho wa bizinesi yakale mpaka tsiku losinthiralo, asausiye m'malere, chifukwa udzamutsekereza akadzafuna tax clearance, chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Ngati anali pa VAT, akambe ndi ofesi ya MRA ya kuno asanasamutse katundu, kuti kampani ikhale italembetsedwa kale. Malisiti oodera kuyambira tsiku limenelo azituluka m'dzina la kampani, ndipo ogulitsa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre auzidwe msanga, chifukwa amapitiriza kulemba dzina lakale kwa miyezi. Salale ya dayirekitala ndi penshoni yake ziyambe mwezi woyamba womwewo. Zoti adzaponya ndalama ya chaka chonse kamodzi mu mwezi womaliza ataona kukula kwa phindu asaziyembekezere, 15 peresenti imayezedwa pa malipiro amene adutsadi pa PAYE.

NyaMhango:
Yewo chomene. Ndipo ngati kampaniyo ili ndi eni awiri, wina amakhala pa shopu, wina ali pa ntchito ku Lilongwe amangolandira dividendi?

A Chirwa:
Wa pa shopu yekha ndi amene alowe pa ndandanda wa malipiro ndi penshoni ya kampani. Wa ku Lilongwe ali nayo kale kwa bwana wake. Koma agwirizane polemba, chifukwa salale ndi 15 peresenti ya mnzakeyo zikuchoka pa phindu asanagawane, ndiye dividendi ya onse awiri itsika. Pa salale ya K1,000,000 ndi K13,800,000 pachaka imene ikuchoka, osawerengera TEVET ndi inshuwalansi. Nambala imeneyo aione onse awiri asanasaine chigamulo.